Musanatumize galimoto kumudzi, kaonaneni kaye ndi amakaniko

Sabata yatha alamu anga a ku Area 25 anandiimbira pa WhatsApp. Atafunsa za ana, anati, "Alamu, galimoto yakuda ija munajambulitsa nayo pa Facebook mudakali nayo? Mukatopa nayo musagulitse kwina, munditumizire ine." Ndinayamba ndakhala chete, chifukwa galimoto ankaisirirayo ndi imene inandisowetsa tulo miyezi 14. Ndikudziwa kuti ambiri a ife tili kunja kuno timalandira mafoni otere, n'chifukwa chake ndati ndilembe.

Ndinaigula kuno ku Birmingham kumayambiriro kwa 2021. Inali yaikulu, ya dizilo, mipando yachikopa, ndipo mtengo wake unali wotsika moti ndinkaona ngati ndatola. Sindinadzifunse chifukwa chake azungu eni ake sankaifuna. Yankho linabwera lokha. Pa 1 June chaka chomwecho mzinda uno unayambitsa Clean Air Zone, ndipo galimoto ya dizilo yakale ngati yangayo inayamba kulipira mapaundi 8 tsiku lililonse ikalowa pakati pa tauni. Ku London kuli ULEZ, kumene amadula mapaundi 12.50. Inshulansi nayo inandiluma, poti laisensi ya kwathu imagwira miyezi 12 yokha, kenako umakalemba mayeso n'kutenga ya kuno, ndipo a inshulansi amakuwerenga ngati wayamba dzulo kuyendetsa, ngakhale unakalambira pa msewu wa M1 kwathu.

Koma chimene chinandimaliza ndi sefa ya utsi, imene amaitcha DPF. Sefayi imakola mwaye wa dizilo, ndipo kuti idziyeretse imafuna ulendo wautali injini itatentha bwino. Ine ntchito yanga ndi yosamalira okalamba m'makomo mwawo: nyumba iyi mphindi zisanu, ndazimitsa, nyumba inayo mphindi khumi, ndazimitsanso. Sefa inatsekeka, nyali inayaka pa dashibodi, galimoto inafooka pakati pa msewu agogo ena akundidikira kuti ndikawapatse mankhwala. Tsiku limenelo misozi inalengeza. Galimotoyo sinapangidwire moyo umene ine ndimakhala, ndipo palibe anandiuza zimenezi chifukwa sindinafunse munthu.

Apa ndi pamene ndinaona kusiyana kwenikweni kwa kuno ndi kwathu. Kuno sipeya sivuta, ukaitanitsa lero mawa yafika. Chodula ndi manja a munthu. Makaniko amawerenga maola, ndipo ntchito ya tsiku limodzi ikhoza kudya malipiro ako a sabata. Ndiye galimoto yakale ikayamba kudwaladwala, mwini wake amaona kuti kukonza kwaposa mtengo wa galimotoyo, amaitaya motchipa. Kwathu zinthu n'zotembenuka. Manja alipo, aluso ndithu, ndipo sadula. Pitani ku Biwi kapena ku Ndirande mukaone mnyamata akutsitsa giyabokosi pansi pa mtengo, madzulo galimoto ikuyenda. Chosowa kwathu ndi sipeya. Tsono ife tikatenga galimoto imene yakanika kumene sipeya zili mbwee, n'kuikweza sitima kupita kumene sipeya zake kulibe, timakhala tamutumizira m'bale wathu chiyani? Mwaziona nokha m'mipanda ya ku Chilinde ndi ku Bangwe, magalimoto okongola atakhala pa miyala, matayala anagulitsidwa kale, nkhuku zikuikira mazira pansi pake, chifukwa kachipangizo kamodzi ka kompyuta kanapsa ndipo palibe amene ali nako.

Ndipo kachipangizo kameneko kamagulidwa ndi madola. Mu November 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo aliyense amene ankadikira sipeya yochokera kunja anadzuka mtengo utasintha. Onjezanipo msonkho wa MRA, umene umakwera galimoto ikakhala yakale komanso injini ikakhala yaikulu. Onjezaniponso mizere ya mafuta ija, pamene wa injini yaikulu amagona pa filing'i siteshoni n'kupatsidwa malita oti sangamufikitse ku Dedza n'kubwerera. Nanga misewu? Magalimoto ambiri a kuno ndi otsika, matayala ake opyapyala, anapangidwira tala wosalala. Dzinja limodzi la maenje ndi mahampu a kwathu, mashoko atha.

Chinthu chimodzi cha kuno chimene ndimalakalaka chitafika kwathu ndi mbiri ya galimoto. Galimoto ikakwana zaka zitatu imayenera kupimidwa chaka chilichonse, ndiyo MOT, ndipo zotsatira zake boma limaziika pa intaneti. Ukangolemba nambala ya galimoto, mwaulere, umaona mtunda umene inali itayenda chaka ndi chaka, pamene inalephera, ndi zimene opima anachenjeza. Ndikanatsegula tsamba limenelo ndisanapereke ndalama, ndikanaona zambiri. Kwathu COF ilipo, koma wogula amangoona kapepala ka pagalasi. Zotsalazo amadalira mawu a wogulitsa, amene nthawi zonse amati galimotoyo inkayendetsedwa ndi mayi wopita nayo kutchalitchi kokha.

Komabe a kwathu ali ndi nzeru imene ine ndinaitaya nditafika kuno. Mmalawi amene ndalama yake waipeza movutikira sagula galimoto yekha, amatenga makaniko wake. Amamvetsera injini, amayang'ana utsi, amagwada n'kusuzumira pansi. Ndipo sizinangochitika kuti misewu yathu yadzaza Probox, Sienta, Vitz ndi Corolla zochokera ku Japan kudzera pa doko la Dar es Salaam ndi pa Songwe. Zili zambiri, choncho sipeya zake zili paliponse, zatsopano ndi zophwasula, ndipo makaniko wa pa Mponela amazidziwa ngati chikhatho chake. Sienta imanyamula anthu m'mawa, masana matumba a chimanga, n'kubweza ndalama ya mafuta tsiku lomwelo.

Alamu angawo sindiwadzudzula. Kwathu galimoto imayankhula. Ukafika nayo pa chinkhoswe kapena pa maliro anthu amakupatsa mpando, ndipo munthu amene wakhala zaka akukwera kabaza mvula ikumunyowetsa ali ndi chifukwa chofunira chinthu chooneka. Inenso chinandikoka n'chomwecho. Kungoti kuno ndimaona madokotala akutsika mu Yaris yaing'ono pa chipatala, palibe wowacheukira, ndipo zinandimasula mtima. Yakudayo ndinaigulitsa moluza, n'kugula Honda Jazz ya petulo, imene kwathu timaidziwa kuti Fit. Chaka chachitatu chino, zimene ndasintha ndi matayala, mabuleki ndi batire.

Ndiye ndinawauza alamu zonsezi, osabisa ngakhale za misozi zija. Ndinati ndalama imene ndikanalipira sitima ndiwathandiza nayo, koma apite kaye kwa amakaniko awo akawafunse zinthu zitatu: galimoto imene angaikonze popanda kuitanitsa kanthu kunja, imene ingapirire msewu wa kumudzi kwathu ku Mitundu nthawi ya mvula, ndi imene angaidyetse mafuta ndi malipiro awo a pamwezi ana osasowa fizi. Sanasangalale, mawu awo anachita kumveka. Patapita masiku atatu anandiimbiranso ali ku garaja, amakanikowo akuyankhulira chapatali. Anatchula magalimoto awiri, onse a Toyota, ndipo Loweruka likubwerali akupita limodzi kukaona ina imene mphunzitsi wina akugulitsa ku Likuni.