Chikombole Chathu

Aphunzitsi anzanga, ndi inu amene munadutsa m'manja mwanga, mukukumbukira kuti mu 2018 boma linaletsa njerwa zowotcha pa zomanga zake. Ife kuno ku Liwaladzi tinagula chikombole cha mabuloko a simenti, n'kuyamba kuumba tokha. Ntchito itakula, tinalemba amisiri ochokera ku Dwangwa kuti atithandize. Atapempha chikombolecho ndinawamana, poopa kuti sichibwerera. Anakhoma chawo poyesa ndi maso basi. Mabuloko awo anatuluka aafupi, osagwirizana ndi athu, mpaka tinagumula mbali ina ya khoma. Simentiyo inali ya ndalama za makolo. Manyazi amene ndinachita pamsonkhano wa PTA sindidzawaiwala.

Lero timabwereketsa, wobwereka amangosaina m'kaundula. Miyeso yake tinailemba pakhoma la ofesi kuti aliyense aione.