Kutentha Kolembedwa M'buku

Akuluakulu a kwathu ku Zomba amati masiku ano dzuwa likuwamba koposa kale. Ine ndimawakhulupirira, koma mtima wa munthu umaiwala, ndipo chaka chimodzi chowawa chimaphimba zaka zambiri zabwino. Chifukwa chake ndimalemekeza anthu aja a ku Chileka, ku Makoka ndi ku Bvumbwe, amene amapita m'mawa uliwonse kukawerenga chipangizo choyezera kutentha, nalemba nambala yake m'buku.

Nambala ya tsiku limodzi sinena kanthu. Koma akatswiri ataphatikiza nambala za zaka zambiri, anapeza kuti kuyambira 1960 kufikira 2006 kutentha kwa dziko la Malawi kunakwera ndi madigiri 0.9. Wina adzati, "Nanga si zochepa zimenezo?" Taganizani za mwana wakhanda: thupi lake likatentha kuwonjezera digiri imodzi yokha, mayi ake sagona tulo.

Dziko nalonso limadwala chomwecho. Kukatentha, chinyontho chimathawa msanga m'munda, ndipo chimanga chimafota ngakhale mvula itagwa monga kale. Madzi osaya nawonso amaphwa msanga, monga a Nyanja ya Chilwa, imene chilala chinaiumitsa mu 1968 ndi mu 1995.

Tsono inu amene mwaphunzira kulemba, pezani kabuku kanu. Lembanimo tsiku limene chizimalupsa chagwa, tsiku limene mwabzala, ndi masiku amene mvula yadula. Pakatha zaka khumi, kabukuko kadzakuuzani nthawi yobzala ndi mbewu yoyenera munda wanu, ndipo ana anu sadzalima mongoganizira.