Usiku womwe tinachepetsa zitsulo za mnzathu



Kuseri kwa nyumba ina pa Kasungu, chapafupi ndi msewu wa M1, kuli malo omwe timanyamulira zitsulo. Zida zathu ndi paipi yaitali, zitini zothiramo simenti ndi mitengo iwiri yamphanda yokhazikapo paipiyo. Mu Ramadan ya 2025, yomwe inali mu Malichi, tinkakumana usiku pochokera ku Taraweeh, chifukwa masana munthu wosala sangamwe madzi akatuluka thukuta.

Pagulu lathu pali mkulu wina wamphamvu kuposa tonsefe. Amalima fodya, ndipo mwezi umenewo anali kalikiliki kuthyola, kusoka ndi kupachika m'chigafa, kuti mabelo adzapite kumsika wa Chinkhoma. Amayi ake ndi azing'ono ake awiri apasukulu amadalira msana wakewo.

Tinkaona vuto lake pa sikwati, komwe ndi kunyonyomala chitsulo chili pamapewa. Ankatsika bwino, koma podzuka chiuno chinkakwera choyamba, chifuwa n'kugwera kutsogolo, msana n'kupindika, chitsulo n'kugubuduzikira kukhosi. Tinkamuombera m'manja basi. Tinkati mwana angaphunzitse bwanji munthu wonyamula thumba la chimanga la makilogalamu 50 ngati pilo? Kungokhala chete kumeneko kunali kulakwa kwathu. Tinazindikira zimenezi m'mawa wina pa swala ya Fajr, titamuona akuwerama pang'onopang'ono, nkhope itachita tsinya.

Usiku wake tinalimba mtima.

"Achimwene, mutikhululukire. Miyendo yanu ilibe mlandu. Msana wakumtundawu ndi womwe ukugona."

Anaseka. "Ndiye mwati ndilibe mphamvu?"

"Mphamvu muli nazo zambiri, koma lero tiyeni tichotse zitini zonse."

Anatiyang'ana nthawi yaitali, kenako anazichotsa yekha.

Tinayamba ndi pokhazika chitsulo. Iye ankachiika pa fupa lotuluka lija la kumunsi kwa khosi, pomwe palibe mnofu woteteza. Tinachitsitsa pang'ono kuti chikhale pa minofu ya pamapewa. Kuti minofuyo itukuke n'kukhala ngati nkhata, munthu amakokera mapewa kumbuyo ndi pansi. Tinaika chala pakati pa msana wake, n'kumuuza kuti achipane ndi mafupa awiri akumbuyo kwa mapewa, ndipo asachisiye mpaka ataimirira.

Manja ake ankagwira kutali kwambiri, kumapeto kwa paipi, ndipo izi zinkamasula msana wonse. Tinawasendeza pafupi ndi mapewa mpaka pomwe sankamva kuwawa. Zigongono, zomwe zinkauluka kumbuyo ngati mapiko a nkhuku, tinati ziloze pansi, ndipo azikokera chitsulo pathupi ngati akufuna kuchipinda. Kenako mpweya: kuukokera m'mimba asanatsike, kuumitsa mimba, n'kuutulutsa akadutsa povuta podzuka. Zidendene zisanyamuke, mawondo aloze komwe zala zakumapazi zaloza, chiuno ndi chifuwa zikwere limodzi. Mmodzi wa ife anaima chammbali kuona ngati chitsulo chikuyenda molunjika pamwamba pa pakati pa phazi.

Atachita kasanu ndi paipi yopanda kanthu anali akupuma mwawefuwefu. "Zikuvuta kuposa zitini zija," anatero.

Tinagwirizana kuti apume masiku angapo, komanso kuti ululu ukatsikira m'mwendo kapena phazi likachita dzanzi, apite kuchipatala osati kwa ife. Alhamdulillah sizinafike pamenepo. Masiku otsala a mweziwo ananyamula zopepuka, akumwa madzi okwanira pakati pa futari ndi daku, ndipo zitini anazibwezera chimodzichimodzi Eid itapita.

Chotikhudza n'chakuti tinadziwa vutoli kwa milungu ingapo koma ulemu wathu unali mantha chabe. Akanavulala, fodya akanaonongekera m'munda ndipo ana aja akanasowa fizi, ife tikuombera m'manja. Inu ophunzira amene mumanyamula zitsulo m'makwalala mwanu, mukaona msana wa mnzanu ukupindika, muuzeni mofatsa usiku womwewo.

Masiku ano mkulu uja ndiye amaima kumbuyo kwa anyamata atsopano, chala chake chili pakati pa misana yawo. Dzulo anatiimitsa ifenso, akuti zigongono zathu zayamba kuuluka.