Kalk Bay yandikumbutsa phiri lathu la Zomba

Abale anga a ku Zomba, Loweruka lapitali ndinakwera sitima ku Fish Hoek n'kukatsikira ku Kalk Bay, koma tsiku lonse mtima unali kwathu.

Kalk Bay ndi kamudzi kakale ka asodzi kunja kwa Cape Town, kopanikizika pakati pa phiri ndi nyanja ya False Bay. Njanji inafika kumeneku mu 1883, ndipo mpaka lero sitima imadutsa m'mphepete mwenimweni mwa madzi. Nyumba zakale za mu Main Road sanazigumule ayi. Anazikonza n'kutsegulamo mashopu a mabuku akale, ziwiya zakale, zovala ndi khofi. Pawindo lina ndinaona nsimbi ya makala, ndendende ija ankasitira agogo ku Chinamwali, ataiika bwinobwino ngati chinthu cha mtengo wapatali. Ndinaima pamenepo nthawi yaitali.

Padoko maboti akafika ndi snoek, nsomba yaitali yaminga yambiri, amayi amaitumbula pomwepo, nyama za m'madzi zija amati seal zili tcheru kudikira matumbo. Ndinadya nsomba yokazinga ndi tchipisi. Inakoma ndithu, koma singafike pa matemba a ku Chilwa otendera, nsima ikali kufuka nthunzi. M'mashopu namo mtengo ndi womwe walembedwa basi. Mawu aja a mumsika wa Zomba oti "chotsaniko pang'ono, mayi" kulibe, basela kulibenso, ndipo zimenezi ndimazisowa.

Chimene chandikhudza kwambiri ndi mayendedwe a anthu. M'mamawa agogo ndi zidzukulu zawo amakasambira padziwe la Dalebrook, madzi ali zii kuzizira. Ena amayambira pamsewu wa Boyes Drive kukwera phiri mpaka ku Echo Valley, alibe nkhwangwa, alibe nkhata, angonyamula botolo la madzi. Akungofuna kupitidwa mphepo.

Nanga ife tikusowa chiyani? Zomba inali likulu la dziko mpaka 1975. Tili ndi nyumba ya Masongola ya mu 1886, nyumba ya malamulo yakale, damu la Mulunguzi, mathithi a Williams, dzenje la Chingwe, ndi Emperor's View pamene munthu amaona nyanja ya Chilwa ili nganinganii, Mulanje ali uko. Komatu ambirife tinakula tikuliona phiri la Zomba tsiku ndi tsiku, tikuganiza kuti kumtunda kuja ndi kwa azungu, ocheka matabwa ndi amayi otola nkhuni. Anyamata ogulitsa mastroberi pamsewu wa Ku Chawe amalidziwa kuposa ife a kunsi. Zimandiwawa, chifukwa mitengo ikutha, moto ukulusa chilimwe chilichonse, ndipo malo amene sunawapondepo sungawalirire.

Ndikabwera mu Disembala ndidzatenga ana a achemwali, tidzanyamule mbatata yootcha ndi thobwa, tidzakwere wapansi. Achimwene amene muli kufupi, tandiuzeniko ngati njira yokwerera phiri ya Potato Path ikadali yoyendeka mvula ikayamba.