Andijambula mtima ku Joni, koma maganizo ali ku Nkhunga

Abale anga a ku Nkhunga ndi ku Dwangwa, ndiloleni nditule zakukhosi. Chifuwa chakhala chikundithina ndikamakwera masitepe kuntchito, ndiye adokotala kuno ku Johannesburg ananditumiza kokapimidwa mtima ndi mankhwala a nyukiliya.

Lamulo lawo loyamba: tsiku lathunthu osalawa tiyi, khofi, Coca-Cola kapena chokoleti, ati zimasokoneza zotsatira. Ine wokulira m'mphepete mwa minda ya nzimbe, kudzuka osaona kapu ya tiyi! Jakisoni sanandiwawe choncho.

Anandimata timawaya pachifuwa n'kundikweza pa makina oyendapo pamodzimodzi aja. Mphindi zitatu zilizonse liwiro likuwonjezeka, chitunda chikukula. Anesi ankayesa ndigonja msanga, osadziwa kuti ndinakula ndikupalasa bwato pa mwera. Mtima utafika pothamanga zedi, anandibaya mankhwala a nyukiliya aja, otchedwa technetium, mumtsempha. Kenaka ndinagona chagada, manja kumutu, kamera ikuzungulira chifuwa pang'onopang'ono. Amajambula kawiri, utathamanga ndiponso utapuma, ndipo mbali ya mtima yomwe magazi sakufika bwino imaoneka yakuda. Mphamvu ya mankhwalawo imatsika ndi theka pa maola 6 aliwonse, koma anandiuzabe ndimwe madzi ambiri, ndisanyamule khanda tsiku limenelo. Zopangira mankhwalawo zimachokera ku Pelindaba, kufupi ndi Pretoria. Ife uranium tili naye ku Kayelekera, koma wa kumigodi basi.

Chandibaya si zimenezo ayi. Malume anga anadandaula chifuwa chomwechi chaka chathunthu. Buku lawo la kuchipatala linadzaza ndi panado. Tsiku lina anangogwa akukoka chilimira, ndipo pamaliro anthu analozana zala, banja n'kugawikana mpaka lero. Mtsempha wawo palibe anauona.

Musandiyese bwana. Ndalama za medical aid amandidula mwezi ndi mwezi, n'chifukwa chake za feteleza zachedwa. Amayi sindinawauzebe, BP yawo ingakwere. Komanso kuno ndinatuluka m'chipatala ndekhandekha, wopanda wondifunsa kuti zayenda bwanji. Kwathu m'mudzi monse akanabwera ndi phala.

Adokotala andipeza ndi mtsempha umodzi wochepa njira, ndayamba kumwa mankhwala. Inu muli kunyumbako, munthu akati chifuwa chikumuthina akamayenda, musathamange naye kwa sing'anga. Mukwezeni kabaza akayezedwe BP ndi shuga, ndipo muumirire kalata yopita kuchipatala chachikulu.