Chimbale Chikamakana pa Kompyuta

Ntchito yobena zimbale inalowa pansi anthu atayamba kusunga nyimbo m'mafulashi ndi m'mafoni, koma sinafe. Amene amafika pa kashopu kanga ku Limbe masiku ano si anyamata ofuna nyimbo zatsopano ayi. Ndi amayi a kwaya onyamula chimbale chomwe anajambulitsa kalekale, kapena bambo wofuna kuonetsa ana ake vidiyo ya ukwati wake. Dandaulo lawo n'limodzi: "Achimwene, chimbalechi chikukana."

Ine sindithamangira kuchiweruza. Wolakwa atha kukhala draivu, chimbale, kapena munthu amene anachibena. N'chifukwa chake ndimasunga madraivu akale omwe ndimachotsa m'makompyuta akufa, ndipo choyamba n'kuchiyesa m'menemo. Ambiri sadziwa kuti draivu ya DVD ili ndi maleza awiri, ina yowerengera CD, ina yofiira yowerengera DVD. Yofiirayo ikatopa, makina amawerenga CD bwinobwino koma DVD amangoizungulitsa, n'kunena kuti mulibe kanthu. Nthawi zina vuto limangokhala fumbi la mu Okutobala lomwe lamata pa kagalasi ka leza. Kathonje konyowetsa pang'ono ndi sipiliti kamathetsa nkhani.

Makina akapezeka osalakwa, ndimatembenuza chimbalecho n'kuchipendeketsa powala. Pamene leza inadutsa mtundu umasiyana ndi pamene sinafike, ndipo kulemba kumayambira pakati kupita kumphepete. Mtundu ukakhala umodzi paliponse ndipo pulogalamu ikuti n'chatsopano, ndiye kuti mwiniwake anagulitsidwa chimbale chopanda kanthu. Mbali yolembedwayo ikathera panjira pomwe mwiniwake akuti vidiyo inali yaitali, kawirikawiri magetsi anathima kubena kuli mkati.

Koma zimbale zambiri zomwe eni ake amati zafa zimakhala zamoyo, kungoti sizinatsekedwe. Makina akamaliza kubena amayenera kulemba mndandanda wa zonse zomwe zili m'chimbalemo ndi pomwe chilichonse chayambira. Popanda mndandandawo zinthu zimakhalamo ndithu, koma kompyuta imakhala ngati mlendo wofika m'mudzi wopanda womulozera nyumba. Ojambula maukwati a zaka za m'ma 2000 ankakonda marekoda a DVD ndi makamera olowetsa tizimbale ting'onoting'ono ta masentimita 8. Ankayesa chimbale pa makina omwewo, chimasewera, n'kuchipereka osatseka. Chotere chimafuna makina a mtundu womwewo kuti achitseke. Akasowa, ndimagwiritsa ntchito IsoBuster, pulogalamu yomwe imafufuza yokha m'chimbale popanda kudalira mndandanda. Windows nayo imasokoneza anthu. Mukalowetsa chimbale chatsopano imafunsa ngati mukufuna kuchigwiritsa ntchito monga fulashi kapena monga cha pa pleya. Ambiri amasankha zoyambazo poti zikumveka zophweka, kenako chimakakana pa makina akale a mnzawo.

Za nyimbo za MP3 zokana pa wailesi yakale sindichedwa nazo. CD imanyamula mphindi 80 ikabenedwa ngati chimbale cha nyimbo, kapena 700 MB ikabenedwa ngati cha mafayilo, ndipo wailesi yakale imadziwa choyambacho basi.

Pomwe ndimakangana ndi anzanga a ntchitoyi ndi pa liwiro. Chimbale chogula kusitolo chili kale ndi nyimbo chimadindidwa kufakitale. Chobena chili ndi utoto wopyapyala womwe leza imawotcha timadontho. Pa phukusi alemba 52x, ndiye anyamata amabena pa liwiro lomwelo kuti makasitomala asaime pamzere, timadontho n'kutuluka tosaoneka bwino. Draivu yatsopano imatiwerenga movutikira, yokalamba imangogonja. Ine CD ndimabena pa 16x, DVD pa 4x kapena 8x, ndipo ndimauza pulogalamu yobenera, Nero kapena ImgBurn, kuti ikamaliza iwerengenso zonse n'kufananiza ndi zomwe zili pa kompyuta. Zimadya nthawi, inde, koma sindinaonepo kasitomala wokwiya chifukwa chodikira mphindi zochepa kuposa amene wakachita manyazi pa chinkhoswe. Dzina lolembedwa pamwamba pa chimbale nalonso musalikhulupirire kwambiri. ImgBurn imaonetsa fakitale yeniyeni yomwe inachipanga, kaya Ritek, kaya CMC Magnetics. Zabwino zenizeni zinali za Taiyo Yuden ya ku Japan, koma inasiya kupanga mu 2015.

Utoto wa m'chimbale chobena umadana ndi dzuwa. Chimbale chokhalitsa kutsogolo kwa minibasi chimafwifwa, ndipo palibe mmisiri angachibwezeretse.

Anthu amasamala kunsi kwa CD, kumtunda n'kumalembapo ndi bolopeni. Komatu zinthu zanu zili pansi penipeni pa utoto wa kumtundako. Kunsi kuli pulasitiki yokhuthala, moti pokalika pang'ono pamasalazika ndi mankhwala otsukira mano ndi kansalu kofewa, mukupukuta kuchokera pakati kupita kumphepete, osati mozungulira. Kumtunda kukasupuka mpaka kuwala n'kumadutsa, pamenepo patha. DVD ili bwinoko chifukwa zolembedwa zake zili pakati pa mapulasitiki awiri omatidwa, koma ikapindidwa poichotsa m'chikesi imayamba kumatuka pabowo la pakati.

Chimbale chodwala chikangovomera, sindilola mwiniwake kuti ayambe waonerera. "Dikirani kaye mayi, tikope," chifukwa mwina sichivomeranso. Chovuta kwambiri ndimachisiya usiku wonse pa kompyuta ya Linux ndi pulogalamu ya ddrescue, yomwe imayamba yakopa mbali zabwino, kenako n'kubwerera mobwerezabwereza pa malo owonongeka. Zomwe draivu imodzi yalephera, ina imatha kutolako. Vidiyo imadumpha pang'ono pa malo amenewo, koma imaonereka. Ndimaika zonse pa fulashi, ndimabenanso DVD yatsopano, ndipo ndalama ndimalandira pokhapokha zinthu zatuluka.