Chithunzi chimene ndidapita nacho kwa mayi

Mphwanga adamwalira mu February 1994, mvula ili pakati. Adali ndi zaka zinayi. Lachiwiri adadandaula mutu, Lachitatu thupi lidatentha ngati phale, Lachinayi m'mawa adayamba kukomoka, ndipo pamene tinkafika naye kuchipatala pa njinga yobwereka n'kuti asakumva ndi dzina lake lomwe. Adokotala adati ndi malungo aakulu. Mayi adavomera mwaulemu, koma pobwerera adandiuza chapansipansi kuti iwo malungo amawadziwa, sapotokola mwana khosi chonchija. Tisanamete n'komwe, dzina la azakhali lidali litayamba kale kuyenda m'manong'onong'o. Kuyambira chaka chimenecho mayi ndi alamu awowo sadapisenso m'mbale imodzi.

Wandikumbutsa zonsezi ndi mwana wanga, amene ndakhala ndikulimbana naye chifukwa cha masewera a pakompyuta. Tsiku lina ndikumukalipira kuti adatayira ndalama kachipangizo kongosewerera mpira wabodza, iye adati, "Bambo, kameneka ndi GPU. Akatswiri akuonera malungo pa zoterezi." Ndidayesa chipongwe. Koma adanditsegulira chithunzi cha chinthu chooneka ngati mono wa nsomba, chokhala ndi kaulusi pakati.

Chinthucho amachitcha PTEX, ndipo maonekedwe ake adawatulutsa mu 2018 akatswiri otsogozedwa ndi a ku University of California ku Los Angeles. Kachilombo ka malungo kakalowa m'selo yofiira ya magazi kamadzitsekera m'kathumba, tsono PTEX ndiye chipata chimene kamatulutsirapo mapuloteni ake mazanamazana. Ena mwa mapuloteniwa amachititsa seloyo kumata ngati ulimbo, ndiye imakakamira m'timitsempha, ngakhale ta mu ubongo. Apa ndidakhala tsonga.

Nanga chinthu chochepa chotere amachijambula bwanji? Amachiumitsa mwadzidzidzi m'madzi oundana, n'kuchiombera ma electron m'malo mwa kuwala. Njirayi ndi imene idapatsa Jacques Dubochet, Joachim Frank ndi Richard Henderson mphoto ya Nobel mu 2017. Koma chotuluka m'makinamo, abale, si chithunzi choti n'kuonetsa munthu. Ndi timithunzi zikwi mazanamazana tosaoneka bwino, kalikonse katagona mbali yakeyake: kena chagada, kena chafufumimba, kena cham'mbali. Ntchito ya kompyuta ndi kupeza mmene kalikonse kadagonera, kusanjikiza tofanana, kuumba chinthu chathunthu, kenaka n'kuyambiranso pofananiza timithunzi tonse tija ndi chimene yaumbacho. Imabwereza mpaka chinthucho chitasiya kusintha.

Masamu ake si ovuta kwenikweni, koma ndi ochuluka ngati mchenga. Kompyuta wamba ili ngati alimi anayi kapena asanu ndi atatu amphamvu zedi. GPU ili ngati dima la anthu zikwizikwi, aliyense mzere wake, onse kugwetsa khasu nthawi imodzi. Adaipangira masewera, poti nako timadontho ta pagalasi timafuna kuwerengedwa tonse pakamodzi. Mu 2016 pulogalamu ya RELION, imene Sjors Scheres adayambitsa ku Cambridge, idakonzedwa kuti izigwira ntchito pa GPU, ndipo ntchito yofuna chipinda cha makompyuta idayamba kutheka pa kompyuta imodzi yokhala ndi ma GPU angapo. Maiko ena adachita kumanga nyumba za zimenezi. Ku Melbourne, Monash University pamodzi ndi CSIRO ndi Australian Synchrotron adakhazikitsa makina otchedwa MASSIVE, ntchito yake kuumba ndi kuonetsa zithunzi za sayansi basi. Frontier ya ku Oak Ridge ku America, imene idatenga malo oyamba padziko lonse mu 2022, adaiika ma GPU opitirira 37,000 ndipo inkadya magetsi okwana mamegawati 21. Kapichira yathu yonse ndi pafupifupi 130. Werengani nokha.

Tisadzichepetse kwambiri komabe. Mbali ina ya nkhaniyi idaonekera konkuno ku Blantyre. Mu 2008 pa chipatala cha Gulupu padafika makina a MRI, ndipo gulu la Terrie Taylor ndi Karl Seydel lidajambula ubongo wa ana 168 odwala malungo a mu ubongo. Zotsatira zidatuluka mu 2015: mwa ana 25 amene adamwalira, 21 ubongo wao udali utatupa kwambiri. Ubongo ukatupa m'chigaza mopanda kothawira umapanikiza pamene pamalamulira kupuma, mwana n'kuleka kupuma. Ndidawerenga mzere umenewo katatu. Ndidali pompo pamene mphwanga adaleka kupuma.

Ndidasindikiza chithunzi chija papepala, Loweruka lotsatira n'kukwera minibasi.

Mayi adachiyang'ana nthawi yaitali, atachitalikitsa ndi maso. Kenaka adafunsa, "Amene adajambulayo adachiona ndi maso ake?" Ndikadatha kunama. Ndidawauza zoona, kuti palibe adachionapo, kuti adachiumba ndi makina powerengetsa, ndipo ngakhale mitundu yofiira ndi yobiriwirayo adachita kupaka anthu kuti zigawo zisiyane.

"Ndiye kusiyana kwake n'kotani ndi galasi la asing'anga?" adatero. "Nawo aja adationetsa nkhope m'galasi."

Funsoli lidandipweteka chifukwa silidali lopusa. Ndidayesa kufotokoza chimene ine chidandigwira mtima: akatswiriwa amagawa timithunzi tija pawiri, theka lililonse n'kuumba chinthu chake palokha, ndipo amakhulupirira pokhapo pamene ziwirizo zagwirizana, monga amachitira amfumu pofunsa mboni ziwiri payekhapayekha. Akatha amaika chimene apezacho poyera kuti wina aliyense achitsutse ngati angathe. Asing'anga aja galasi adabwerera nalo m'chikwama, atalandira mbuzi yathu.

Mayi sadatsutse. Adati, "Chabwino, kachilomboko ndakamva. Koma m'nyumba muja mudagona ana asanu. Udzudzuwo adaulozera ndani kwa iyeyo?"

Ndidalibe pepala lachiwiri. Ndidanenako zoti ana aang'ono thupi lao limakhala lisanazolowere kulimbana ndi malungo, koma mawu anga adamveka opepuka ngakhale kwa ine mwini. Iwo adapinda pepala lija kanayi, osandibwezera, n'kuliika m'buku lao la nyimbo.

Pobwerera kusiteji ndidapatukira kwa azakhali ndi paketi ya shuga, monga ndimachitira mobisa chaka ndi chaka. Akalamba, maso achita khungu. Za chithunzi sindidawauze. Adandigwira dzanja, nafunsa za ana, kenaka adatsitsa mawu nati, "Nanga amayi ako, miyendo ija ikuwavutabe?"